Kugula Gitala Yolumikiza ku Sipika Uli M'mbali mwa Nyanja: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka ndi ka oimba m'makwaya ndi m'mabandi a ku Chintheche, Kande, Mpamba mpaka Usisya, amene atopa ndi gitala yobwereka ndipo asunga kangachepe koti agule yawoyawo.

Kodi gitala yomwe tikunenayi ndi yotani?

Ndi gitala ya bokosi yomwe imalira yokha popanda magetsi, koma ilinso ndi polowetsa kebulo yopita ku ampulifaya kapena mikisa. Pansi pa kafupa koyera komwe nsambo zimatsamira pamakhala kachipangizo kopyapyala kotchedwa pickup, komwe kamatola kunjenjemera kwa nsambozo. M'nthiti mwa gitala muli preamp, kabokosi ka batire komwe mumakwezera mawu, ndipo kambiri kamakhala ndi chotchunira. Magetsi akathima pakati pa mapemphero, mumangozula kebulo n'kupitiriza nyimbo.

Kodi munthu woimba kumudzi kuno akuifunadi?

Ngati mumaimba pakhonde panu pokha, ayi. Gulani gitala yabwino yopanda pickup, ndalama yotsalayo mugulire nsambo. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anadziwika mpaka ku Ulaya ndi babatoni ya nsambo imodzi yopanga yekha. Koma kuno kuli malo ogona alendo omwe amafuna oimba madzulo, kuli maukwati ndi misonkhano ya mipingo, ndipo chikondwerero cha Lake of Stars chinayambira pa Chintheche Inn mu 2004 n'kudzabwereranso pomwepo mu 2016. Pamalo otere gitala yopanda kebulo imamira m'phokoso la ng'oma ndi mafunde. Kuiika maikolofoni kutsogolo kumatheka, koma mwera ukamaomba, chomwe anthu amamva pa sipika ndi mphepo.

"Yamtengo wapakati" ndiye kuti ndalama zingati?

Mtengo wa makwacha sitiulemba. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wolembedwa lero umakhala bodza mawa. Kunja, magitala amenewa amagulidwa pakati pa madola 300 ndi 700. Poyambira pake pali Yamaha FGX800C ndi Fender CD-60SCE, ndipo Cort, Ibanez ndi Takamine nawonso ali ndi mitundu yamtengo wotere. Pansi pa pamenepa pali magitala onyezimira bwino m'sitolo koma opinda khosi chaka chisanathe. Pamwamba pake mukulipirira kukoma kwa mawu komwe sipika ya patchalitchi siingakutulutse n'komwe.

Ogulitsa amati "solid top". Kodi ndi chiyani, nanga n'chofunika?

Apa ndi pomwe pagona nkhani kwa ife a kunyanja. Thabwa la kumaso kwa gitala ndilo limatulutsa mawu. Likakhala thabwa lenileni la mtengo, kawirikawiri spruce kapena cedar, amati solid top. Likakhala timatabwa topyapyala tomata pamodzi ngati pulayiwudi, amati laminate. Thabwa lenileni limalira mokoma ndi mokweza, koma limamwa chinyezi n'kutupa, kenako n'kuuma n'kukhwinyata. Opanga magitala amalangiza chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi, n'chifukwa chake kuli raba ku Vizara ndi tiyi ku Kawalazi. Nyengo yabwino kwa mitengo ya rabayo ndi yoipa kwa gitala. M'dzinja mimba ya gitala imatukumuka, nsambo zimakwera m'mwamba, zala n'kuyamba kupweteka. Mu Okutobala, m'nyumba ya malata, guluu amafewa pomwe nsambo zikukoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70 usiku ndi usana.

Malangizo athu ndi awa: sankhani ya thabwa lenileni kumaso kokha, kumbuyo ndi m'mbali kukhale laminate. Yamaha ndi Fender tatchulazo n'zotero. Gitala ya matabwa enieni paliponse ndi ya munthu wokhala ndi chipinda chosamalika bwino, ndipo ikang'aluka, mmisiri woikonza ndi wovuta kumupeza. Kwa woimba wa ku Usisya, amene gitala yake imakwera Ilala kapena boti n'kutsikira m'madzi ofika m'chiuno, ngakhale ya laminate yokhayokha monga Yamaha APX600 si yonyozeka. Mukailumikiza ku sipika, kusiyana kwa matabwa kumachepa kwambiri, chifukwa pickup imamva nsambo kuposa thabwa.

Ndikafika pogula, ndiyang'ane chiyani?

Yambani ndi khosi. Ikani diso kumutu kwa gitala n'kuyang'ana chotsetsereka mpaka kumimba. Khosi likhale lowongoka, kapena lopindikira kutsogolo pang'ono chabe. Lopotoka ngati chingwe musagule, ngakhale atsitse mtengo bwanji. Funsani ngati m'khosimo muli chitsulo chowongolera, chomwe oimba amati truss rod, ndipo akupatseni kakiyi kake.

Kenako onani mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ndi fureti ya nambala 12. Ukhale mamilimita 2 mpaka 3. Ukapitirira apo mudzaleka kuyeserera chifukwa cha ululu wa zala, n'kumati mulibe luso. Lizani nsambo iliyonse pa fureti iliyonse, mumve ngati palibe yosalira bwino. Lizaninso nsambo yosagwira, kenako muigwire pa fureti 12: mawu akhale omwewo, okwera chabe. Akasemphana, gitalayo idzakhala yotchunidwa pa makodi a kumutu koma yonama mukakwera khosi.

Tengani kapepala, muyese kukalowetsa kuseri kwa thabwa lomwe nsambo zimamangidwapo pamimba. Kakalowa, thabwalo layamba kumatuka. Pa gitala ya kaunjika vuto limeneli n'lofala.

Musachoke musanailumikize. Wogulitsa akati ampulifaya palibe, mukabwere tsiku lina. Nsambo zonse zisanu ndi imodzi zimveke mofanana, chifukwa pickup yokhala mopendekera imameza nsambo imodzi. Gwedezani kebulo polowera pake mumve ngati ikuthetheka.

Nanga za mabatire?

Funso laling'ono koma lagwetsa ambiri. Ma preamp ochuluka amadya batire ya 9V, ija ya makona anayi, yomwe m'magolosale a m'midzi simuipeza wamba. Mwina mpaka mukafike ku Mzuzu. Yamaha FGX800C ndi APX600 zimadya mabatire a AA, omwewo a mu tochi yaing'ono. Kwa munthu wa ku Kande kapena Usisya, chimenechi chokha chingathe kugamula mlandu. Dziwaninso kuti kebulo ikakhala yolowetsa, batire imadyeka ngakhale simukuimba. Mukaisunga gitala kwa nthawi, chotsani mabatire, chifukwa akatha amatuluka madzi owononga timawaya.

M'bale wanga ali ku Joni. Andigulire konko?

Atonga anayamba kalekale kupita ku Joni ndi ku Harare, ndipo katundu wambiri wa m'nyumba za kuno anabwera choncho. Ku South Africa mitundu ndi yambiri ndipo kawirikawiri mtengo ndi wotsikirapo. Vuto n'lakuti wogulayo mwina saimba. Mumutumizire dzina ndi nambala ya mtundu weniweniwo, osati kungoti "gitala yamagetsi", chifukwa adzakubweretserani ya thabwa logonthera yosalira popanda ampulifaya. Agule m'sitolo ya zoimbira yopereka lisiti, chifukwa magitala achinyengo olembedwa Gibson kapena Martin alipo. Wogulitsa aiyimbe ili yolumikiza, m'bale wanuyo ajambule pa foni akutumizireni pa WhatsApp. Paulendo, nsambo azimasule pang'ono, gitala ilowe m'bokosi lolimba, ndipo isagone pansi pa matumba a katundu m'basi yodutsa ku Tete.

Chifukwa chiyani imalira "huuu" ndikakweza mawu?

Mawu a sipika amalowa m'mimba mwa gitala, pickup n'kuwabwezanso ku sipika, kuzungulira choncho. Gitala ya mimba yaikulu, yomwe amati dreadnought, imachita zimenezi msanga kuposa yopyapyala. Imani kumbuyo kwa masipika, tsitsani besi, ndipo ngati preamp ili ndi batani lolembedwa phase, lidinani. Palinso chotsekera cha raba cha pabowo la gitala chomwe chimathandiza, ndipo si chodula.

Ndalama yonse ipite pa gitala?

Ayi. Siyani ina ya bokosi kapena chikwama chochindikala, kebulo yabwino ndi mapaketi awiri a nsambo. Kunyanja thukuta ndi chinyezi zimachititsa nsambo dzimbiri m'masabata ochepa. Nsambo zokutidwa, monga za Elixir, n'zodula koma zimakhalitsa. Mukamaliza kuimba, pukutani nsambo iliyonse ndi kansalu kouma, pamwamba ndi pansi pomwe. Timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato musataye: ikani tingapo m'bokosi la gitala nthawi ya dzinja, ndipo muzitisintha tikakhuta chinyezi. Gitala isatsamire khoma lonyowa, isagone pamchenga, ndipo mukakwera minibasi ya pa msewu wa M5 muinyamule pamiyendo, ngakhale kondakitala atakulipiritsani mpando wachiwiri.