Mwana Wokana Mswachi: Phunziro kwa Makolo

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za feteleza ndi mbewu. Tikambe za nankafumbwe wina amene saboola chimanga m'nkhokwe koma mano a ana athu.

Ndili ndi mnyamata wa zaka 7, wamakani zedi. Akangoona mswachi ankathawira kuseri kwa khola. Ndinakalipa, ndinaopseza, osaphula kanthu. Mapeto ake ndinagwa ulesi n'kumati, "Musiyeni, ndi mano aubwana awa, aguluka okha." M'mwezi wa Januwale, kupalira kuli pakati, mwanayo anachezera kulira tsaya litatupa. Tinataya masiku awiri a ntchito ndi ndalama za basi kupita kuchipatala. Kumeneko adokotala anandiuza zimene zinandichititsa manyazi: dzino lobookalo silinali laubwana ayi.

Mlimi amadziwa zaka za ng'ombe poyang'ana mano, koma ambirife sitidziwa m'kamwa mwa ana athu. Mwana amakhala ndi mano aubwana 20, pamene wamkulu amakhala ndi 32. Akafika zaka pafupifupi 6, mano anayi akuluakulu otafunira amamera kumbuyo kwenikweni popanda lina kuguluka. Amenewa ndi a moyo wonse. Akazulidwa, ena sameranso.

Nanga chimaboola mano n'chiyani? M'kamwa muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Tikadya shuga timatulutsa asidi amene amasungunula khungu lolimba la dzino. Malovu amakonza malo owonongekawo, koma amafuna nthawi. Choncho mwana amene amangonyambita maswiti, mafirizesi, nzimbe ndi tiyi wa shuga wambiri tsiku lonse sapatsa mano mpata wopuma. Ndi bwino zotsekemera azidyera pamodzi ndi chakudya, ndipo pakatipo azimwa madzi.

Zimene zathandiza pakhomo panga ndi izi:

1. Tsukani mano pamodzi ndi mwanayo. Mwana amatengera zimene akuona kuposa zimene akumva.

2. Musamufunse ngati akufuna kutsuka. Mpatseni zosankha zina: mtundu wa mswachi, kapena ayambe ndani, iye kapena bambo. Wamakani amagonja akaona kuti naye ali ndi mawu.

3. Ikani nthawi yosasintha, m'mawa ndi usiku asanagone, mphindi ziwiri. Kutsuka kwa usiku ndiye kofunika koposa chifukwa munthu akagona malovu amachepa.

4. Gulani mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Kwa mwana wa zaka 3 mpaka 6, ochepa ngati njere ya nandolo akwanira. Alavule, koma asachukuche ndi madzi.

5. Mwana asanakwane zaka 7 kapena 8 manja ake sakhoza bwino. Akamaliza, inu mubwereze, makamaka mano akumbuyo aja.

6. Ndalama zikavuta, kamtengo ka nimu kotafunidwa kunsonga kamachotsa litsiro. Samalani nkhama.

7. Musamenye, ndipo musamuopseze ndi adokotala. Tsiku lofunika kuchipatala adzakana.

Wanga uja sanasinthe tsiku limodzi. Ngakhale lero nthawi zina amanyinyirika, koma akudziwa kuti sagona asanatsuke.

Madzulo ano tengani tochi, muitaneni mwana ayasamule. Mukaona kadontho kakuda kapena kabowo, pitani naye kuchipatala dzino lisanayambe kuwawa, chifukwa bowo laling'ono limamatidwa. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.