Mwana Amene Sakufika ku Sukulu: Tingamuphunzitse ndi Chiyani Pakhomo?

Sabata lina masana, tikuyendera mabanja a m'midzi yozungulira koleji yathu, tinafika pakhomo pa mayi ena a mumpingo amene anali atasiya kuoneka ku Sukulu ya Sabata. Tinapita titakonzekera kukalimbikitsa munthu wofooka m'chikhulupiriro, koma tinapeza munthu wotopa. Pamkeka, pansi pa mtengo wa mango, panali mwana wawo wamwamuna wa zaka 9. Anadwala malungo aakulu ali ndi zaka zitatu, ndipo kuyambira pamenepo mwendo ndi mkono wakumanja sizigwira bwino, mawunso amatuluka movutikira. Sukulu ili pa mtunda wa ola lathunthu, ndipo mwanayo wakula, saberekekanso kumsana. Tinaimba, tinapemphera. Titayamba kutsanzika, mayiwo anati: "Ana anga, paja inu mukuphunzira zauphunzitsi. Ameneyu ndimuphunzitse ndi chiyani?" Tinayang'anana. Panalibe amene anayankha. Phunziro lino lachokera pa funso limenelo, ndipo tikupemphani kuti muliwerenge Baibulo lili pafupi.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo m'Malawi, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wina wake. Choncho ngati mpingo wathu uli ndi anthu 200 koma m'kalasi ya ana mulibe mwana waulumali ngakhale mmodzi, sizikutanthauza kuti anawo kulibe. Ali kunyumba.

Titabwerera ku koleji tinakafufuza pa intaneti. Tinapeza kuti kuphunzitsa ana pakhomo m'malo mowatumiza ku sukulu ndi chinthu chimene chinakula kwambiri ku America, ndipo mpingo wathu uli ndi mbiri yaitali pa nkhaniyi. Mu 1909 Frederick Griggs anayambitsa sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata, imene lero imatchedwa Griggs International Academy ndipo ili ku Andrews University, ku Michigan. Mu 1975 Raymond ndi Dorothy Moore, amenenso anali a mpingo wathu, anatulutsa buku lotchedwa Better Late Than Early, limene linalimbikitsa makolo ambiri kumeneko kuti asamathamangitse mwana pa maphunziro asanakhwime. Bungwe la Christian Record Services, limene linayamba mu 1899 ndipo lili ku Lincoln, Nebraska, limakonza mabuku achikhristu a anthu osaona: a zilembo za Braille, a zilembo zikuluzikulu ndi ongomvetsera.

Tinasangalala, koma chisangalalocho sichinakhalitse. Zambiri mwa zipangizozi ndi za Chingerezi. Maphunziro a Griggs amalipiridwa ndi madola, amafuna intaneti yodalirika ndi kholo lodziwa kuwerenga Chingerezi bwino. Ndipo pali kusiyana kwina kokulirapo. Banja la ku America limene likuphunzitsa mwana pakhomo nthawi zambiri lachita kusankha. Mayi a pansi pa mango aja sanasankhe. Mtunda ndi umene unawasankhira. Komabe tinatolako mfundo ziwiri zimene sizifuna madola, ndipo zonse zikupezekanso m'buku la Ellen White lotchedwa Education, la 1903: kuti mwana aziyenda pa liwiro lake, ndiponso kuti ntchito za manja ndi chilengedwe ndi maphunziro enieni, osati zongotayitsa nthawi.

Tichenjezane tisanapitirire. Kwathu kuno mawu akuti "timamuphunzitsa pakhomo" akhoza kusanduka dzina lokoma la kubisa mwana. Maphunziro a pulayimale akhala aulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la anthu aulumali la 2012 linaletsa kumana munthu maphunziro chifukwa cha ulumali. Mwana amene angathe kufika ku sukulu apite, chifukwa anzake amamuphunzitsa zimene kholo silingathe. Zimene tikukamba pano ndi za mwana amene sanathe kufikako, ndi amene amapita koma amabwerako asanatolepo kanthu chifukwa m'kalasi muli ana oposa 100.

Nanga n'chifukwa chiyani mabanja amabisa? Werengani Yohane 9:1-7. Ophunzira a Yesu ataona munthu wosaona chibadwire, sanafunse za chithandizo; anafuna kudziwa amene anachimwa. Funso limenelo lidakalipo, langosintha zovala. Lero timanong'onezana kuti bambo ake anakhwimira chigayo, kapena kuti mayi ake anachita zosayenera ali ndi pakati. Ndipo tivomereze, manong'onong'o amenewa amamveka ngakhale pa bwalo la tchalitchi. Yesu anakana kuloza chala makolo kapena munthuyo. Ifenso tili ndi zoti tinene zomveka: malungo ofika ku ubongo, matenda oumitsa khosi, kubanika pobadwa ndi chikasu chachikulu mwa khanda zimatha kuwononga ubongo kapena makutu. Khunyu sipatsirana, ndipo ili ndi mankhwala ku chipatala. Kholo limene likuyenda ndi manyazi siliphunzitsa, limangobisa. Choncho kuchotsa manyaziwo ndi ntchito yoyamba, ndipo ndi ya mpingo wonse.

Ndime imene inatithandiza kwambiri ndi Marko 7:31-37, ndipo tiime pamenepa pang'ono. Anthu anabweretsa kwa Yesu munthu wosamva amenenso ankalankhula movutikira. Ambiri timathamangira ku mapeto, pamene munthuyo anachira, koma taonani zimene zinachitika machiritso asanafike. Yesu anamuchotsa m'chigulu n'kupita naye pambali. Munthu wosamva pakati pa khamu amangoona milomo yambirimbiri ikugwedezeka, osadziwa kuti ayang'ane ndani. Pambali paja anatsala ndi nkhope imodzi. Kenako Yesu anagwira makutu ake, anakhudza lilime lake, nayang'ana kumwamba. Zonsezi munthuyo ankaziona ndi kuzimva m'thupi: vuto lako lili apa ndi apa, ndipo thandizo likuchokera uko. Mawu olankhula anali amodzi okha. Yesu akanatha kumuchiritsa ali patali, monga anachitira ndi ena, koma anayamba walankhula naye m'njira imene iye akanamva.

Pamenepo pali njira yonse yophunzitsira. Chepetsani phokoso ndi anthu oonerera. Wailesi itsekedwe, ana a pakhomo loyandikana asaunjikane ngati pali zisudzo. Pezani khomo limene lili lotseguka mwa mwanayo, kaya ndi maso, makutu kapena zala, ndipo lowerani pamenepo. Lankhulani pang'ono. Ife ophunzira zauphunzitsi ili ndiye vuto lathu lalikulu: mwana akachedwa kuyankha timabwereza funso katatu m'mawu osiyanasiyana, ndipo iye amayenera kuyambiranso kumvetsa katatu. Funsani kamodzi, muwerenge mpaka 10 mumtima, mudikire.

Za nthawi yophunzitsira, Deuteronomo 6:6-9 amaika phunziro m'kati mwa tsiku: pokhala m'nyumba, poyenda, pogona ndi podzuka. Kwa mayi amene ali ndi munda, madzi okatunga ndi ana ena, uwu ndi uthenga wabwino. Mphindi 10 katatu pa tsiku zimaposa ola limodzi la misozi. Kusankha nyemba ndi phunziro la kusiyanitsa, kugawa mbale pa chakudya ndi masamu, kutchula dzina la chilichonse chimene mukumuveka ndi phunziro la chiyankhulo.

Tsopano zipangizo. Choyamba si buku koma munthu wodziwa, chifukwa mwana amene mudzi wonse ukumutcha wogona m'mutu mwina sakumva chabe, ndipo amene akumuti waulesi mwina sakuona pa bolodi. Yambirani ku chipatala kuti apimidwe maso, makutu ndi ziwalo, ndipo mufunse za mafizo. Ana a mapazi opindika ndi mavuto ena a mafupa amathandizidwa ku chipatala cha Beit CURE ku Blantyre. Aphunzitsi a ana a zosowa zapadera amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndipo ena mwa iwo ali m'sukulu za boma. Mphunzitsi wamkulu kapena mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu angakulozereni amene ali pafupi. Palinso bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM, kumene kholo limakumana ndi anzake amene anadutsa njira yomweyo.

Mwana wosamva ndi amene sitiyenera kumuchedwetsa ngakhale pang'ono, ndipo apa mfundo ija ya kusathamangitsa mwana sigwira. Zaka zoyambirira ndi zimene ubongo umagwira chiyankhulo, ndipo zikadutsa mwana alibe chiyankhulo chilichonse, kubweza kumavuta kwambiri. Chinenero cha manja cha ku Malawi ndi chinenero chathunthu, ndipo bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa dikishonale yake mu 2021. Aphunzire banja lonse, osati mayi okha, apo ayi mwanayo adzakhala mlendo pa chakudya cha m'nyumba mwawo. Njira yachidule ndi kupeza munthu wamkulu wosamva wodziwa chinenerochi kuti azibwera pakhomo. Koma pakhomo pokha sipakwanira. Sukulu monga Maryview ku Nguludi, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba ndi Mountain View ku Bvumbwe zimapatsa mwana anzake olankhula nawo tsiku lonse.

Kwa mwana wosaona, zilembo za Braille zimamangidwa pa timadontho 6, titatu kumanzere ndi titatu kumanja. Dulani thireyi ya mazira kuti itsale ndi mabowo 6, muziikamo timiyala, ndipo mwana ayamba kuzindikira malo a timadontho asanakhudze n'komwe pepala. Kuwerenga kwenikweni akakuphunzire kwa mphunzitsi wake, monga ku Chilanga ku Kasungu kapena ku Lulwe ku Nsanje. Baibulo la Chichewa lomvetsera likhoza kuikidwa pa memore khadi n'kumamveka pa foni ya mabatani. Ana achialubino ambiri amaona, koma movutikira: alembereni zilembo zikuluzikulu ndi cholembera chakuda kwambiri, aziphunzirira pamthunzi atavala chipewa, ndipo musawaletse kuyandikitsa pepala kumaso.

Mnyamata wa pamkeka uja ankafunika zina. Mwana amene akulimbana ndi kugwa sangaike mtima pa phunziro, choncho choyamba ndi kukhala bwino. Mpando wolimba umapangika ndi makatoni omatidwa ndi phala la ufa, koma muyeso wake aupereke wa mafizo. Supuni kapena pensulo ikulungidwe ndi mphira kapena nsalu kuti chogwirira chinenepe. Tinajambula zithunzi zinayi pa katoni: kapu ya madzi, mbale ya nsima, chimbudzi, ndi nkhope ya munthu womva ululu, kuti aziloza pamene mawu akana. Tinaphunziranso njira yoyambira kumapeto. Pomuphunzitsa kuvala malaya, mumuchitire zonse koma gawo lomaliza, lokokera malaya pansi, achite yekha. Akalidziwa, mumusiyire magawo awiri omaliza. Motero tsiku lililonse iye ndiye amamaliza ntchitoyo, ndipo samagona atalephera.

Za uzimu zimayenda chimodzimodzi. Vesi loloweza lifupikitsidwe kufika pa mawu atatu kapena anayi, libwerezedwe sabata yonse, ngakhale mwezi. Nkhani ikhale ndi chinthu chogwira: ubweya pa nkhani ya nkhosa, madzi m'beseni pa nkhani ya namondwe. Zithunzi zakale za Sukulu ya Sabata zimene zikudyedwa ndi chiswe m'makabati a matchalitchi athu zikanagwira ntchito m'makomo amenewa. Ndipo pa mapemphero a kulowa kwa dzuwa Lachisanu, mwanayo akhale ndi gawo lake losasintha, ngakhale kungosankha nyimbo poloza.

Utumiki wa mpingo wathu wotchedwa Adventist Possibility Ministries umawerengera osamalira odwala ndi aulumali m'gulu la anthu oyenera kuwatumikira, ndipo titaona mayi aja tinamvetsa chifukwa chake. Zipangizo zonsezi zimagwa ngati wozigwiritsa ntchito sagona tulo. Pa 2 Samueli 9, Mefiboseti, amene anapunduka miyendo ali ndi zaka zisanu, sanapite yekha ku nyumba ya mfumu. Davide ndiye anafunsa ngati alipo wotsala, natuma anthu kukamutenga ku Lodebara, ndipo sanangomutumizira chakudya, anamupatsa malo pa gome lake. Amayi a Dorika amadziwa kale kupereka sopo ndi ufa, ndipo n'zofunika. Koma mayi aja atafunsidwa chimene akusowa, anati akufuna munthu wokhala ndi mwana kwa maola awiri kuti nawonso akadye nawo Mgonero wa Ambuye, umene anali atauphonya kwa zaka.

Kwa ife ophunzira, tinene mosabisa. Kupita gulu la anthu 15 kamodzi pa teremu, kuimba, kujambula zithunzi za pa Facebook n'kusowa, kumasangalatsa ife koma mwanayo sikumuphunzitsa kanthu, ndipo nkhope yake si yathu kuti tiziionetsa. Ana ambiri otere amachedwa kuzolowera munthu. Pamafunika munthu mmodzi kapena awiri, tsiku lomwelo, ola lomwelo, ndi kope limene mukulembamo zimene mwana wachita kuti wodzalowa m'malo mwanu asadzayambirenso pachiyambi.

Mnyamata uja tsopano amawerenga zitsekerero za mabotolo mpaka 7, ndipo pa katoni paja zithunzi zafika 12. China anachita kutikakamiza kuti tijambule: mpira. Ku sukulu sanayambebe. Njinga ya olumala sinapezeke, ndipo ngakhale itapezeka, njira yake imadutsa pa mtsinje wopanda mlatho, nkhani imene akulu a mpingo akukambirana ndi a mfumu. Awiri mwa ife amene timapitako Lachitatu masana tikumaliza maphunziro teremu ino, ndipo kope lija likufuna wolilandira tisanatseke.