Madzi a ku Yeriko ndi Madzi a Linthipe

Phunziro la akatekisi ndi miphakati ya m'mbali mwa nyanja

M'nyengo ya dzinja asodzi a ku Salima akavuula ukonde apezamo kawirikawiri zinthu zimene sadazitchere: majumbo, mabotolo a pulasitiki, nsanza ndi zidutswa za nsapato. Zina mwa zinthuzi zidatayidwa pagombe pomwepo, koma zina zayenda ulendo wautali kuchokera ku mzinda wa Lilongwe. Phunziro lino lilongosola njira imene zonyansazo ziyendamo, zimene anthu adayesa kuchita kuti ayeretse mtsinje, ndiponso zimene Eklezia afuna kwa ana ake pa nkhani imeneyi.

1. Ulendo wa mtsinje

Mtsinje wa Lilongwe uyambira m'mapiri a Dzalanyama, kumalire a Malawi ndi Mozambique, ndipo kumeneko madzi ake atuluka pansi pa mitengo ali oyera. Pa Malingunde anthu adautchinga ndi madamu awiri otchedwa Kamuzu, loyamba mu 1966 ndi lachiwiri mu 1989, ndipo madzi amenewo ndiwo amwedwa mu mzinda. Kuchokera apo mtsinje ulandira madzi a Likuni, nupita pakati pa misika ndi nyumba za mzinda, nulandiranso madzi a Lingadzi. Pambuyo pake utsika zitunda kulinga kum'mawa, nufika m'chigwa cha Salima, kumene ukumana ndi Linthipe wochokera ku Dedza. Iwiriyi ithira pamodzi m'nyanja, moyang'anana ndi zilumba za Maleri.

Mu 1966 anthu a mu Lilongwe sadakwane 20,000. Mu 1975 mzindawo udasanduka likulu la dziko, ndipo pa kalembera wa 2018 anthu ake adapitirira 980,000. Koma mtsinje uli womwewo; sudakule pamodzi ndi mzinda. Akulu adati madzi saiwala khwawa. Chimene chiponyedwa m'ngalande ku Kawale kapena ku Chinsapo chili nayo njira yake yofikira kunyanja, ndipo mvula ikagwa chidzaitsata ndithu.

2. Katundu amene mtsinje usenza

Katundu woipa wa mtsinje ali wa mitundu itatu.

Woyamba ndiwo zonyansa zowola: za m'zimbudzi zosefukira, zotsala za pamsika, ndi madzi oipa a m'nyumba ndi m'mafakitale. Zinthu zotere zikamawola m'madzi zitha mpweya umene nsomba zipuma, ndiponso zinyamula tizilombo ta matenda otsekula m'mimba. Nzoona kuti dzuwa ndi utali wa ulendo zichepetsako tizilomboti, koma midzi ya m'mbali mwa mtsinje imene itunga, kuchapa ndi kuthirira madimba ilandira gawo lake madziwo asanayere.

Wachiwiri ndiwo pulasitiki. Ameneyu sawola monga khoko la nthochi. Atseka ngalande, nachititsa madzi kuima, ndipo m'madzi oima udzudzu uswana. Mbuzi ndi ng'ombe zikammeza ziwonda mpaka kufa. Akafika m'nyanja angophwanyika tizidutswatizidutswa, osatha.

Wachitatu ndiwo dothi. Pamene mitengo itha chifukwa cha makala, pamene anthu alima mpaka pamlomo pa mtsinje, nakumba mchenga ndi kuumba njerwa m'magombe, mvula ikokolola nthaka yonse yabwino. Ku Dzalanyama kudula mitengo kudafika poti mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukalonda nkhalango. Aliyense wa ku Salima adaona momwe nyanja ifiirira pa mathiriro a Linthipe m'miyezi ya mvula. Matope amenewo akwirira miyala ya ku Maleri, kumene tinsomba ta mbuna tidya ndere, ndipo zilumbazo zili m'gawo la nyanja limene boma lidaliteteza mu 1980. Akwiriranso timiyala ta m'mitsinje, pamene mpasa ndi sanjika zikwera kukaikira mazira.

Koma anthu a kunyanja asafulumire kuloza chala ku mzinda. Pa madoko ambiri zimbudzi nzochepa, ndipo ena ayesa nyanja kapena bango ngati chimbudzi chao. Mwa njira imeneyo likodzo lipitirira, pakuti mazira ake alowa m'madzi ndi mkodzo wa wodwala, nakhwimira m'nkhono, nabwereranso kwa ana osamba. Mwa njira yomweyo kolera ipeza khomo. Mliri umene udayamba ku Machinga mu Marichi 2022 udafika m'maboma onse a dziko lino, Salima pamodzi. Pofika mu 2023 odwala adaposa 58,000, ndipo akufa adaposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo.

3. Zimene anthu adayesa

Sikuti onse adangopinda manja. Pakati pa mzinda wa Lilongwe pali misika iwiri, Lizulu ndi Tsoka, yokhala m'mbali mwenimweni mwa mtsinje, ndipo anthu aoloka pa timilatho ta mitengo. Zotsala za masamba ndi zipatso zinkathera m'madzi. Cha m'ma 2018 khonsolo ya mzinda, mothandizana ndi bungwe la ICLEI, idaphunzitsa anthu ena a pamsikapo, makamaka amayi, kusonkhanitsa zowolazo ndi kupanga nazo manyowa ogulitsa. Chimene chidali chonyansa m'madzi chidasanduka chakudya cha nthaka.

Pa nkhani ya majumbo, boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015. Eni mafakitale ena adapita kubwalo la milandu, ndipo lamulolo lidaima kufikira 2019, pamene Bwalo Lalikulu la Apilo lidagamula kuti chiletsocho nchoyenera. Komabe milandu ina idachedwetsanso ntchito pambuyo pake. Mmodzi wa amene adalimbikira nkhondo imeneyi, Mayi Gloria Majiga-Kamoto, adalandira mphoto ya Goldman mu 2021.

Mu Novembala 2020 a Lazarus Chakwera, amene adali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, adakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Ku Blantyre nakonso, kumene mtsinje wa Mudi udatchuka ndi fungo, achinyamata ndi anthu ena odzipereka, motsogozedwa ndi bungwe la Art Malawi, adalowa m'madzi mu 2021 navuula zinyalala zambirimbiri.

Ntchito zonsezi nzoyamikika. Komabe zidaonetsa chinthu chimodzi: mtsinje woyeretsedwa lero udanso mvula yoyamba ikagwa, ngati otaya sadaleke kutaya. Wovuula zinyalala m'madzi ali ngati munthu wokolopa m'nyumba denga likudontha. Ayenera kukolopa ndithu, koma nyumbayo idzauma pokhapokha wina atakwera kukafolera.

4. Phunziro la mneneri Elisa

M'buku lachiwiri la Mafumu, mutu 2, ndime 19 mpaka 22, muli mbiri ya mzinda wa Yeriko. Anthu a kumeneko adadza kwa mneneri Elisa kudzadandaula kuti mzinda wao udakhala pamalo okoma, koma madzi ake adali oipa ndipo dziko silinkabala. Mneneri adawauza kuti abwere ndi mbale yatsopano yokhala ndi mchere. Atabwera nayo, iye adapita ku kasupe kumene madziwo ankatumphuka, nathiramo mcherewo m'dzina la Mulungu, ndipo madzi adachira.

Akatekisi aonetse anthu zinthu zitatu m'mbiri imeneyi. Poyamba, eni mzinda adavomera kuti madzi ao ngoipa. Sadabise, ndipo sadanamizire anthu a mzinda wina. Kachiwiri, mneneri sadachite zonse yekha. Mbale ndi mchere zidachokera m'nyumba za anthuwo. Kachitatu, iye sadathire mchere m'mitsuko ya madzi otungidwa kale, kapena kumunsi kwa mfuleni, adapita kugwero.

Nanga gwero la litsiro la mtsinje wa Lilongwe lili kuti? Silili ku Dzalanyama ayi, pakuti kumeneko madzi atuluka oyera. Lili pakhomo lopanda chimbudzi, pa benchi la malonda lopanda dengu la zinyalala, pa dimba lofika m'madzi, ndi m'dzanja la munthu woponya botolo pawindo la basi. Kunena mwachidule, lili mumtima umene uganiza kuti chinthu chikachoka pamaso chatha. Kumeneko ndiko kuyenera kuthiridwa mchere.

5. Chiphunzitso cha Eklezia

Buku la Genesis, mutu 2, liphunzitsa kuti Mulungu adaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga. M'buku la Deuteronomo, mutu 23, Aisraele adalamulidwa kukhala ndi malo odzithandizira kunja kwa zithando ndi kufotsera zonyansa zao, chifukwa Mulungu ankayenda pakati pao. Choncho chimbudzi si nkhani yochititsa manyazi kuitchula pa mphakati, popeza Malembo omwe sadachite nayo manyazi.

Lamulo lachisanu, loletsa kupha, liletsanso kuika dala moyo wa ena pangozi. Wodetsa madzi amene adziwa kuti ena amwa achimwira lamulo limeneli, ngakhale sadzaona nkhope ya mwana wodwalayo. Lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba, likhudzanso zinthu zimene Mulungu adapatsa anthu onse pamodzi, ndi mibadwo yakutsogolo yomwe. Nkhuyu zodya mwana zidapota akulu. Pano zodya a kumtunda zipota a kumunsi.

Mu 2015 Apapa Francis, amene adamwalira mu 2025, adalemba kalata yotchedwa Laudato Si'. M'menemo adaphunzitsa kuti madzi abwino akumwa ndi ufulu wa munthu aliyense, ndi kuti chilengedwe chikaonongeka oyamba kuvutika ndi amphawi. M'chaka chomwecho adaika tsiku la 1 Seputembala kukhala lopempherera kusamala chilengedwe.

Mnzake wa munthu si wokhala naye khomo limodzi yekha. Ndi yense wotunga kumunsi kwake. Ndipo palibe amene akhala kumtunda masiku onse. Kuyambira mu 2016 boma lidayamba kukonza zokoka madzi a nyanja ku Salima kupita ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100. Mzinda umene utumiza litsiro kunyanja uyang'ananso kunyanja komweko pofuna madzi akumwa.

6. Ntchito ya mphakati

Anthu a ku Salima ali nacho chitsanzo kwao komwe. Pa chilumba cha Mbenji, kuyambira zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira udaika lamulo lotseka usodzi m'miyezi ya mvula, pamodzi ndi malamulo ena a makhalidwe, ndipo asodzi alisunga chifukwa ndi lao. Ngati anthu adatha kugwirizana posunga nsomba, angathenso kugwirizana posunga madzi amene nsombazo zikhalamo. Miphakati, imene idakhazikika mu dayosizi ya Lilongwe pa nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe m'zaka za m'ma 1970, ndiyo mbale yatsopano yonyamulira mchere. Mutu umodzi susenza denga.

Choncho mphakati uliwonse uyambe ndi izi. Uwerenge makomo opanda chimbudzi ndi dzenje la zinyalala, ndipo achinyamata akumbire okalamba, amasiye ndi olumala. Chimbudzi chikhale kutali ndi chitsime ndiponso kumunsi kwake. Ukambirane ndi mafumu ndi makomiti a padoko za zimbudzi za asodzi ndi amalonda. Usankhe khwawa limodzi kapena gombe limodzi loti uzilisesa mwezi ndi mwezi, zowola zipite ku manyowa. Usiye mpata wosalima m'mbali mwa mtsinje, nubzalemo nsungwi, bango, mikuyu ndi mibawa. Pa maliro, pa maukwati ndi pa zikondwerero za paparishi, akhristu abwerere ku madengu ndi mbale zotsuka. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala, ndipo wotsekula m'mimba amwetsedwe Thanzi ndi kuthamangira naye kuchipatala msanga.

Mafunso okambirana

1. Mtsinje wa Lilongwe uyambira kuti, ndipo uthira kuti?
2. Chifukwa ninji Elisa adathira mchere pa kasupe?
3. Ndani atunga madzi kumunsi kwa mudzi uno?
4. Ndi makomo angati a mumphakati muno amene alibe chimbudzi, ndipo adzawakumbira ndani mvula isanagwe?