Mabuleki a Corolla yakale afewa potsika Manenekera

Bambo Makaniko,

Ndine mlimi, ndimakhala kufupi ndi Chinyunyu m'boma la Rufunsa. Ndili ndi Toyota Corolla Levin ya zitseko ziwiri, yokankha ndi matayala akumbuyo. Ndinaigula kwa mnyamata wina wa ku Lusaka wokonda liwiro, amene anandiuza kuti anachotsa injini yoyamba n'kuikamo yamphamvu. Pamenepo sananame, galimoto imathamangadi. Vuto lili pa mabuleki. Mwezi wathawu tinapita kumaliro ku Nyimba, anthu anayi ndi matumba a ufa kumbuyo. Potsika Manenekera chopondera cha buleki chinayamba kufewa mpaka kugunda pansi, ndipo kunkamveka fungo la chinthu chopsa. Mwamwayi ndinaima pambali, ndipo titapuma kanthawi mabuleki anabwerera. Nditapita ku Lusaka kukagula mapadi ndinatchula dzina la galimoto, anandipatsa, koma kufika kunyumba akukana kulowa. Mnzanga akuti ndisavutike, ndingowonjezera brake fluid basi. Kodi ndingadziwe bwanji mabuleki amene ali pagalimoto yangayi, ndipo ndiyambire pati?

Wowerenga wa ku Chinyunyu

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu, ndipo pepani ndi zovuta zinakugwerani zija. Malangizo a mnzanuwo musawatsate. Fluid akachepa m'kabotolo kake ndiye kuti mapadi adyeka kapena pali podontha, ndipo kuthira wina kumangobisa vutolo.

Chopondera chikafewa pamtsetse wautali, n'kubwereranso galimoto ikazizira, kawirikawiri ndiye kuti fluid anawira. Fluid amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, ngakhale galimoto ingoima pansi pa mtengo osayenda. DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi akhoza kuwira pa 140. DOT 4 amayambira pa 230 n'kutsika kufika pa 155. Pamsewu wathyathyathya simungazindikire kusiyana kumeneku. Koma kuchoka pa boma la Rufunsa kupita ku mlatho wa Luangwa, Great East Road imakhotakhota ikutsika, phazi limakhala pa buleki nthawi yaitali, ndipo nyengo ya October chigwa cha Luangwa chimakhala chotentha kale. Fluid akawira amasanduka nthunzi, nthunzi imafinyika, ndiye phazi lanu limangopita pansi popanda chogwira. Pali kulephera kwina kumene chopondera chimakhalabe cholimba koma galimoto osaima: apo ndiye kuti mapadi enieniwo apsa. Fungo munamvalo likusonyeza kuti mwina zonse ziwiri zinachitikira pamodzi.

Tibwere ku mapadi okana kulowawo. Wogulitsa uja mwina sanakunamizeni, anangokupatsani za galimoto imene munatchula, pamene galimoto yanu si imeneyonso. Levin yokankha ndi matayala akumbuyo ya thupi limeneli inapangidwa kuyambira 1983 mpaka 1987, ndipo inali ya mitundu iwiri yofanana kwambiri maonekedwe. AE85 inali ndi injini ya 1.5 yotchedwa 3A-U, madisiki ang'onoang'ono opanda mipata kutsogolo, ndi drum kumbuyo. AE86 inali ndi injini ya 1.6 yotchedwa 4A-GE ndi madisiki akutsogolo okhala ndi mipata pakati yopitira mphepo. Kumbuyo ma AE86 ambiri anali ndi madisiki, koma ena, monga a mtundu wa GT ku Japan, anali ndi drum. Anyamata aliwiro akhala akugula AE85, imene imatsika mtengo, n'kuikamo injini ya AE86 kapena yoposa apo. Injini amaisintha chifukwa imamveka ndipo anzawo amaiona akatsegula boneti. Mabuleki sawoneka, ndiye amasiyidwa momwemo.

Tsegulani boneti, yang'anani kakhoma kolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Pali kachitsulo kosindikizidwa pamene alembapo mtundu wa galimoto, ndipo mudzawerenga AE85 kapena AE86. Koma kachitsuloko kamangonena mmene galimoto inatulukira ku fakitale zaka pafupifupi 40 zapitazo. Zimene zilipo lero mudzaziona ndi maso anu. Imikani galimoto pamalo olimba, tchingani matayala, kwezani ndi jeke n'kuikhazika pa zitsulo zochirikiza. Njerwa ndi miyala ayi, zimaphwanyika munthu ali pansi. Chotsani tayala lakutsogolo, onani m'mphepete mwa disiki: ngati ndi chitsulo chimodzi chathunthu, ndi yopanda mipata, ngati ndi mbale ziwiri zolumikizana ndi tinthiti pakati, ndi ya mipata. Yezani kukula kwake ndi kunenepa kwake. Pukutani caliper ndi burashi yawaya, jambulani ndi foni manambala ndi zilembo zonse zimene zilipo. Chitani chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, chifukwa galimoto zakale zimene zadutsa m'manja ambiri zimapezeka ndi caliper ina kumanja, ina kumanzere. Kumbuyo ndi kosavuta: drum imaoneka ngati mphika wovundikira, disiki ili poyera ndi caliper yake.

Popita ku Lusaka musanyamule dzina la galimoto lokha. Nyamulani padi yakale m'thumba, muigoneke pa kauntala pambali pa yatsopano, mufananitse kutalika, makutu ake ndi mabowo. Ikasiyana ngakhale pang'ono, isiyeni. Kupala padi ndi galainda kuti ilowe, monga amachitira ena, ndi kusewera ndi moyo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pagalimoto yosinthidwa ndi kugwirizana kwa kutsogolo ndi kumbuyo. Galimoto ikamaima, kulemera kumathamangira kutsogolo, n'chifukwa chake mabuleki akutsogolo ndiwo amagwira ntchito yaikulu. Pali ka valavu pa mapayipi kochepetsa mphamvu yopita kumbuyo kuti matayala akumbuyo asamange msanga. Master cylinder ndi valavu imeneyi anazipanga molingana ndi zimene zili kumatayala. Ngati mnyamata uja anaika ekiselo ya madisiki kumbuyo n'kusiya master cylinder ndi valavu za drum, mabuleki akumbuyo akhoza kumakhuza nthawi zonse n'kutentha, kapena kumanga akutsogolo asanagwire. Matayala akumbuyo akamanga pokhota, galimoto imatembenuka kuyang'ana kumene yachokera. Mungayese pamsewu wafumbi wopanda anthu, pa liwiro lochepa: pondani mwamphamvu, mnzanu ataima patali pambali aone matayala amene ayambe kukhukhuluzika. Ayenera kukhala akutsogolo. Akayamba akumbuyo, pitani nayo kwa makaniko wodziwa mabuleki, iyi si ntchito yapakhonde.

Injini yatsopanoyo ilinso ndi mbali yake. Kuseri kwa master cylinder kuli chitini chakuda chozungulira, booster, chimene chimathandiza phazi lanu pogwiritsa ntchito kukoka kwa mpweya kochokera ku injini. Posintha injini, makamaka akaika 4A-GE ya mavalavu 20 yochokera ku Corolla za m'ma 1990, payipi imeneyi ena amailumikiza mwachisawawa. Kuyesa kwake n'kosavuta. Injini ili chizimire, pondani buleki kangapo mpaka chopondera chilimbe, musachotse phazi, lizani injini. Chopondera chiyenera kutsika pang'ono. Chikapanda kusuntha, booster sikugwira ntchito, yambani ndi payipi ndi ka valavu kake.

Zina ndi za ukalamba chabe. Mapayipi alabala opita kumatayala amang'aluka kunja, ndipo amatupa m'kati mosaoneka, moti buleki imagwira koma osamasuka. Pagalimoto ya msinkhu uwu asintheni onse. Mapayipi achitsulo a pansi onani ngati adya dzimbiri kapena aphwanyidwa ndi miyala ya m'misewu yakuminda. Mapadi akatsala mamilimita 3 atha ntchito. Madisiki ambiri amalembedwa m'mphepete kunenepa kochepetsetsa kololedwa, ndipo drum imalembedwa kukula kwa m'kati kumene siyenera kupitirira. Galimoto zokankha ndi matayala akumbuyo zilinso ndi nthenda yawoyawo: silo ya kumapeto kwa ekiselo ikatha, oilo wa difu amalowa mu drum n'kunyowetsa ma shoe. Mudzaona chakuda chonyowa kuseri kwa tayala, ndipo fungo la oilo wa difu silisokoneza. Ma shoe onyowa oilo sachapika. Sinthani silo, sinthani ma shoe mbali zonse ziwiri. Fumbi la mu drum musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompuresa, chifukwa ma shoe akale ena ali ndi asbestos amene amawononga mapapo. Pukutani ndi nsanza yonyowa. Mukapeza kuti kumbuyo kuli madisiki a AE86, dziwani kuti pisitoni yake imabwerera poizunguza, chifukwa handibuleki imagwira kudzera momwemo. Mukaikankha ndi chitsulo mwamphamvu muithyola, ndipo caliper imeneyi ndi yovuta kuipeza.

Zonsezi zikatha, tulutsani fluid yense wakale, osati kungowonjezera. Gulani DOT 4 wa botolo lomata bwino. DOT 3 ndi DOT 4 amasakanizika, koma DOT 5 ndi wa silicone, musamuike. Potulutsa mpweya yambani ndi tayala la kutali kwambiri ndi master cylinder, mumalize ndi lapafupi, wina akupopa chopondera, ndipo kabotolo kasaume. Bwerezani ntchito imeneyi zaka ziwiri zilizonse.

Ndikudziwa zimene zimachitika kutchire fluid akatha: madzi a sopo, mafuta ophikira, ngakhale oilo wa injini. Oilo, petulo ndi parafini zimatupitsa malabala onse a m'kati mwa mabuleki, ndipo mukatero mwagula master cylinder yatsopano. Enanso amafinya payipi ya tayala lodontha ndi pulayala n'kumayenda ndi mabuleki atatu miyezi. Galimoto yotero imakokera mbali imodzi tsiku limene mwaponda mwadzidzidzi.

Ngakhale mabuleki akhale atsopano, katsikidwe kanu kakufunika kusintha. Musanayambe kutsetsereka lowani giya yachitatu, pamene pali potsetsereka kwambiri yachiwiri, injini igwire galimoto. Buleki pondani mwamphamvu kanthawi kochepa, liwiro litsike, muchotse phazi kuti madisiki apume. Kukhazika phazi pamenepo mtunda wonse ndiko kumawiritsa fluid. Chizolowezi chotsika pa neutral pofuna kupulumutsa petulo chisiyeni, ndipo kuzimitsa injini ndiye koopsa kwambiri chifukwa booster imatha mphamvu mukangoponda kawiri katatu. Kumbukiraninso kuti galimotoyi ndi yaing'ono: anthu anayi ndi matumba a ufa ndi katundu wambiri pa mabuleki ake, makamaka ngati ndi a AE85.

Nambala ya injini yatsopanoyo onetsetsani kuti ikugwirizana ndi imene ili m'mapepala a galimoto, ndipo ngati siikugwirizana kakonzetseni ku RTSA, bungwe la boma loona za magalimoto, musanapite nayo kukayezetsa fitness. Mapadi munagulawo bwererani nawo pamodzi ndi padi yakale, mukapemphe kusinthitsa. Kufikira fluid, mapayipi alabala ndi mapadi zitasinthidwa, galimotoyi isatsikenso Manenekera. Ulendo wa ku Nyimba ukapezeka, kwerani basi.