Njinga ya Kunchito: Iyeseni Musanalipire

Ambiri a ife pa boma la Chama timapita kunchito pa njinga, ndipo nkwabwino ku thupi. Bungwe la World Health Organisation limalangiza munthu wamkulu kulimbitsa thupi mphindi zosacepera 150 pa sabata. Amene amachova mphindi 15 popita ndi 15 pobwera, masiku 5, wakwanitsa kale. Kutero kumalimbitsa mtima ndi kucepetsa vuto la BP ndi shuga. Koma njinga yosalingana ndi msinkhu wanu idzakupweteketsani mabondo ndi msana, inu nkumaganiza kuti ndi nyamakazi kapena ukalamba.

Conco musakopeke ndi penti wowala. Iyeseni coyamba. Imani njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi. Citsulo capamwamba cisakukhudzeni. Pakhale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Kenaka khalani pa cishalo, wina akugwirireni, muike cidendene pa pedulo imene ili pansi. Mwendo uyenera kuongoka bwino popanda kupendekera thupi. Pochova muzipondera kutsogolo kwa phazi, ndipo bondo lidzapindika pang'ono cabe.

Cishalo cikatsika kwambiri, bondo limawawa kutsogolo. Ili ndilo vuto la ambiri, maka-maka a m'nyumba imene bambo, mayi ndi ana amabwerekana njinga imodzi koma palibe wogwira sipanala. Cikakwera kwambiri, ciuno cimagwedezeka uku ndi uku ndipo kuseri kwa bondo kumakoka. Cishalo cikhalenso cogona bwino. Cikaloza kumwamba cimapanikiza mitsempha ndi kucititsa dzanzi kumalo obisika. Dzanzi likapitirira ngakhale mwakonza cishalo, pitani kucipatala, musacite manyazi.

Ganiziraninso miseu yathu. Kuno ndi mcenga ndi fumbi m'cilimwe, matope m'dzinja, ndiye matayala oonda a njinga za mpikisano sapita patali. Njinga za magiya zogwirapo kale nchito zimaoneka zamakono, koma funsani coyamba kwa okonza njinga pamsika ngati zitsulo zake zimapezeka. Sibwino kuimika njinga mwezi wathunthu kudikira kacitsulo kocokera ku Lundazi kapena ku Chipata. Acikulire amakumbukira Eagle ya ku Luangwa Industries ku Chipata cifukwa aliyense ankatha kuikonza. Buffalo nayo njolimba: kumbuyo imanyamula makilogalamu 100. Mabuleki a labala ogwira pa limu yacitsulo amaterera mvula ikagwa, conco yambani kumanga mukali patali.

Pa zobvala, cisoti colimba ndico coyamba, ndipo cimangidwe pacibwano. Kapu imateteza ku dzuwa cabe. Ocoka kunchito kutada akhale ndi nyale yoyera kutsogolo, cowala cofiira kumbuyo ndi malaya ooneka patali, ndipo ayende kumanzere kwa mseu. M'mwezi wa Okutobala cigwa ca Luangwa cimatentha koopsa. Nyamulani botolo la madzi, mumwe ludzu lisanafike. Pampu, zigamba ndi guluu zikhale m'kathumba cifukwa minga siuza munthu.

Amayi, pindani citenje kuti cisalowe mu cheni. Ndipo mukabereka mwana kumbuyo popita naye kusukulu kapena kusikelo, mumuveke nsapato ndi kumuikira popondera. Masipoko akagwira cidendene ca mwana amasenda khungu, nthawi zina mpaka kuthyola fupa, ndipo bala la pamenepo limacedwa kupola.