Pulogalamu yoyang'anira ntchito za m'kompyuta

Kompyuta ikayatsidwa, mapulogalamu ambiri amayamba kugwira ntchito nthawi imodzi. Ena amaonekera pa sikirini, monga yolembera makalata, koma ambiri saonekera n'komwe. Onsewa amalimbirana zinthu ziwiri: purosesa, yomwe imachita mawerengedwe onse, ndi memory, momwe pulogalamu imasunga zinthu zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Zimakhala ngati pachigayo tsiku Loweruka: chigayo n'chimodzi, ndipo wina akabwera ndi matumba khumi, ena onse amangodikira. N'chifukwa chake kompyuta nthawi zina imachedwa kapena kuuma osayankha.

Pulogalamu imene imaonetsa zonse zimene zikuyenda mkatimo imatchedwa task manager. Ya Windows inalembedwa ndi David Plummer wa ku kampani ya Microsoft, ndipo inatuluka mu 1996 pamodzi ndi Windows NT 4.0. Imatseguka munthu akadina Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi. Koma malangizo amene anaipangira, omwe akatswiri amati code, ndi chuma cha kampaniyo. Munthu wamba sangawaone, sangawasinthenso.

Ena amapanga mapulogalamu otere poyera, njira imene imatchedwa open source. Chitsanzo ndi htop, imene Hisham Muhammad wa ku Brazil anayamba kulemba mu 2004 m'chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa C, kuti igwire ntchito pa Linux. Code yake ili pa webusaiti ya GitHub, ndipo layisensi yake, GPL, imalola aliyense kuitenga, kuiwerenga, kuisintha ndi kuigawa. Lamulo lake n'lakuti wogawira ena zimene wasintha apereke ndi code yomwe, osaibisa. Okonda kugwiritsa ntchito mouse ali ndi ina yopangidwanso poyera, GNOME System Monitor.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Linux imapatsa pulogalamu iliyonse imene ikuyenda nambala yakeyake, yotchedwa PID, ndipo imasunga mbiri yake pamalo otchedwa /proc. Kumeneko n'kumene htop imakawerenga mobwerezabwereza, pafupifupi sekondi imodzi ndi theka iliyonse, n'kusanja zimene yapeza m'mizere: dzina la pulogalamu, mwini wake, memory imene yatenga ndi gawo la purosesa limene ikudya. Masamu opezera manambalawo ndi a akatswiri. Wogwiritsa ntchito amangoyang'ana mzere umene uli ndi nambala yaikulu, pakuti kawirikawiri wosokoneza amakhala ameneyo.

Pulogalamu yopangidwa poyera imakonzedwa mosalekeza. Wina akapeza vuto amalemba lipoti pa GitHub, kufotokoza mtundu wa kompyuta yake ndi zimene anachita vutolo lisanaoneke. Wina amalemba code yokonza, oyang'anira amaiunika, ndipo ikakhala bwino amaiphatikiza ku yaikulu. Ambiri mwa anthuwa salipidwa, ndipo lipoti lolembedwa momveka bwino limawapulumutsira nthawi yambiri. Hisham atayamba kusowa mpata, gulu la anthu ongodzipereka linatenga ntchitoyo n'kutulutsa htop 3.0 mu 2020. Code ikanakhala yobisika, pulogalamuyo ikanaima pomwe mwini wake anaimira.

Chofunika kusamala nacho kwambiri ndi batani lotsekera pulogalamu. Mu htop ndi F9, ndipo likadinidwa pamabwera mndandanda wa njira zotsekera. Njira nambala 15 imapempha pulogalamu kuti itseke yokha mwadongosolo. Nambala 9 imaidula nthawi yomweyo, osaipatsa mpata uliwonse. Kalata yofunsira ntchito kapena mawerengedwe a ndalama za banki m'khonde, ngati sizinasungidwe, zimapita pomwepo, ndipo nthawi zambiri sizibwereranso. Choncho munthu wosamala amasunga ntchito yake pafupipafupi, amayamba ndi 15, amadikira pang'ono, ndipo 9 amaigwiritsa ntchito zikakanika. Pulogalamu ya dzina lachilendo siyenera kutsekedwa chifukwa chongoti n'njachilendo: ina ndi imene imagwira intaneti, mawu kapena sikirini yeniyeniyo, ndipo ikatsekedwa zonse zimasokonekera. Kufunsa kaye wodziwa kulibe manyazi. Kuzula chingwe cha magetsi chifukwa chopsa mtima n'koipa kuposa zonsezi, pakuti kumatha kuwononga mafayilo.

Makompyuta ambiri akale amatayidwa kapena kupititsidwa kokonzetsa pomwe vuto linali pulogalamu imodzi yodya memory, kapena masamba ambiri a intaneti otsegulidwa nthawi imodzi. Kuyang'ana kaye mu task manager kungapulumutse ndalama zimenezo. Pulogalamu ya htop ndi yaulere, koma iyenera kutengedwa kumalo ake odziwika. Pa Linux imapezeka m'nkhokwe ya mapulogalamu imene imabwera ndi Linux yomweyo. Yochokera pa flashi yoyenda m'manja ambiri ikhoza kubwera ndi vayirasi.