Kukonza fayilo ya katundu wogulitsa pa intaneti

Munthu akafufuza nsapato pa Google, zithunzi ndi mitengo imene amaona pamwamba zimachokera mu fayilo imene wogulitsa anatumiza ku Google Merchant Center. Pa Facebook ndi Instagram fayilo yotereyi imapita ku Commerce Manager. Amaitcha feed. Makina amene amaiwerenga sanaigwirepo nsapato yanu, ndipo sangakufunseni kanthu. Chimene mwalemba ndi chimene amadziwa, chimene mwasiya kwa iwo kulibe. N'chifukwa chake katundu wabwino amakanidwa kapena kubisika pomwe wa mnzanu akuoneka tsiku ndi tsiku.

Yambani ndi tebulo pa Google Sheets kapena Excel. Mzere woyamba ndi wa mitu, ndipo mituyo ilembedwe monga mmene Google imafunira, osatembenuza: id, title, description, link, image_link, price, availability, brand, condition, gtin. Ngati mumagulitsa zovala ndi nsapato onjezani color, size, gender, age_group ndi item_group_id. Mzere uliwonse wotsatira ndi katundu mmodzi.

Pamawu akuti "katundu mmodzi" ndi pamene ambiri amapunthwa. Tinene kuti muli ndi nsapato yachikopa ya abambo, yakuda ndi yofiirira, masaizi 7, 8 ndi 9. Pashelefu mumaiona ngati nsapato imodzi, koma mu fayilo ndi mizere 6. Yakuda ya saizi 8 ikhale ndi id yakeyake, monga NS101-BLK-8, yofiirira ya saizi 9 ikhale NS101-BRN-9. Mizere yonse 6 ikhale ndi item_group_id yofanana, NS101, kuti makina adziwe kuti ndi banja limodzi. Mukaunjika masaizi onse m'bokosi limodzi, "7, 8, 9", saizi 8 ikatha mulibe njira yonenera, ndipo kasitomala adzadina, kufika patsamba lanu, n'kupeza kuti imene amafuna palibe. Ngati mumalipira malonda pa kudina kulikonse, ndalamayo yapita. Id isapitirire zilembo 50, ndipo mukaipereka musaisinthenso kapena kuipatsa katundu wina, chifukwa mbiri yonse ya mmene katunduyo wakhala akuyendera imamangiriridwa pamenepo.

Kenako dzina la katundu, title. Malo alipo a zilembo 150, koma wogula nthawi zambiri amaona zoyambirira zokha, 70 kapena kuchepera. Choncho zofunika zitsogole: dzina la kampani yopanga, mtundu wa katundu, ndi la ndani, chopangira, mtundu wamaonekedwe, saizi. Mawu okopa monga akuti mtengo wotsika kapena kutumiza mwaulere saloledwa m'dzina, chimodzimodzi kulemba zonse m'zilembo zikuluzikulu. Ine ndimati lamulo limeneli n'labwino. Wofufuza salemba kuti "nsapato yokongola kwambiri", amalemba mtundu ndi saizi. Mu description fotokozani katunduyo basi, pogwiritsa ntchito chilankhulo chomwecho chimene chili patsamba lanu.

Nambala ya gtin ndi ija ili pansi pa mizere ya barcode papaketi. Imakhala ya manambala 8, 12, 13 kapena 14, ndipo bungwe la GS1 ndilo limayang'anira kaperekedwe kake. Pa mabuku ndi ISBN. Ikopereni kuchokera papaketi penipeni. Musaipeke. Nambala yomaliza imawerengetseredwa kuchokera ku zinzake, choncho yopeka imagwidwa msanga, ndipo ikapezeka kuti ndi ya katundu wa eni, nsapato yanu idzasakanikirana ndi zinthu zina. Katundu wopanga nokha, monga madengu oluka kapena diresi losokedwa ndi telala, alibe gtin. Siyani bokosilo lopanda kanthu, ndipo ngati palibenso nambala ya fakitale ya mpn, lembani no pansi pa identifier_exists.

Chenjerani ndi Excel pamenepa. Mukalemba nambala ya manambala 13 m'bokosi wamba, imaifupikitsa n'kuoneka ngati 6.00123E+12, ndipo nambala yoyamba ndi 0 imataya 0 ameneyo. Mukasunga fayilo ngati CSV ili choncho, manambala enieni atayika. Musanalembe chilichonse, sinthani mabokosi onse a pansi pa gtin kuti akhale Text. Posunga sankhani UTF-8, kuti zilembo monga ŵ zisasanduke zizindikiro zosawerengeka.

Mtengo ulembedwe nambala kenako chidule cha ndalama cha zilembo zitatu: 899.00 ZAR ngati mukugulitsa ku South Africa, 45.00 GBP ku Britain. Kwacha ya Malawi ndi MWK, ya Zambia ndi ZMW. Osalemba R899 kapena K45,000 monga timachitira pa chikwangwani. Kupatula ku United States ndi Canada, mtengo umaphatikiza msonkho wa VAT. Mukatsitsa mtengo kwa masiku ochepa, wakale ukhalebe pa price, watsopano upite pa sale_price. Chachikulu n'chakuti mtengo wa mu fayilo ufanane ndendende ndi wa patsamba limene link ikulozako. Google imapita kukaona yokha, ndipo ikapeza kusiyana imachotsa katunduyo. Vutoli likachuluka akaunti yonse ikhoza kuimitsidwa.

Pa availability pamalembedwa mawu oikidwa kale: in_stock, out_of_stock, preorder kapena backorder. Pa condition ndi new, refurbished kapena used. Ogulitsa kaunjika, lembani used ngakhale chovalacho chikuoneka ngati sichinavalidwepo. Pa color lembani dzina la mtundu, osati manambala a kompyuta, ndipo ngati mitundu ndi ingapo ilekanitseni chonchi, Black/Green, osapitirira itatu. Sankhani kalembedwe kamodzi ka saizi. XL pano, Extra Large apo, makina amaziwerenga ngati zinthu ziwiri.

Chithunzi chikhale cha katundu amene ali pamzerewo: mzere wa nsapato yofiirira, chithunzi cha yofiirira. Kumbuyo kukhale koyera kapena kosadodometsa, popanda nambala yanu ya foni, mtengo kapena chidindo cha shopu pamwamba pake. Facebook imafuna chithunzi chosachepera mapikiselo 500 m'litali ndi 500 m'lifupi, ndiye jambulani chachikulu kuposa pamenepo kuti chigwire ntchito konsekonse. Pa image_link ikani adiresi ya chithunzi chenichenicho, osati ya tsamba limene chilipo.

Musatumize zonse kamodzi. Yambani ndi mizere 10, muone zimene Merchant Center yakana ndi zifukwa zake, mukonze m'tebulo lanu, kenako mutumize zotsalazo. Katundu amene sanatumizidwenso kwa masiku 30 amachotsedwa, koma masiku 30 ndi ambiri kwa shopu imene ikugulitsa. Ikani kuti makina azitenga fayiloyo tsiku lililonse pa ola lomwelo, ndipo amene amawerenga katundu potseka shopu akhale yemweyo wosintha availability asanapite kunyumba.